Kuyamba Kusamalira Kakitasi, Zomera Zodya Tizilombo ndi Bonsai M'nyumba: Malangizo a Pang'onopang'ono

Anthu ambiri amene amagula kakitasi (chomera chaminga chosunga madzi m'tsinde), kamtengo ka bonsai (mtengo wodulira kuti ukhale waung'ono m'mbale) kapena chomera chodya tizilombo amakhala nacho miyezi iwiri kapena itatu yokha, kenako chimafota, ndipo iwo amagamula kuti alibe dzanja la maluwa. Kawirikawiri chimene chimapha zomerazi ndi luso lomwe tinaphunzira kudimba, komwe mbewu iliyonse imafuna dothi lachonde, manyowa, komanso madzi m'mawa ndi madzulo. Mitundu itatuyi ikhoza kukhala pa zenera limodzi, koma uliwonse uli ndi dothi lake ndi kathiriridwe kake. Chomera chodya tizilombo chimafuna kuti mizu yake isaume ngakhale tsiku limodzi, kakitasi amafuna kuti dothi liume gwa asanalandire madzi ena, pamene kamtengo ka bonsai kamafuna madzi dothi likangoyamba kuuma pamwamba. Munthu amene amadutsa ndi keni imodzi n'kuthirira zonse mofanana amapha ziwiri mwa zitatuzo, ndipo malangizo ali m'munsiwa akonzedwa pofuna kupewa zimenezo.

## Zipangizo ndi zinthu zofunika

Pa mitundu yonse itatu mufunika izi:

- Zenera kapena khonde limene limalandira dzuwa lenileni maola osachepera 4 pa tsiku.
- Mgolo kapena zigubu zapulasitiki zokhala ndi zivindikiro, zosungiramo madzi amvula.
- Sefa ziwiri, ina ya mabowo a mamilimita pafupifupi 2 ndipo ina ya mamilimita pafupifupi 6.
- Sizasi yakuthwa, lumo latsopano ndi sipiriti wopukutira zida.
- Kamtengo kowonda kansungwi, konga komwe amatungira kanyenya, koyesera chinyezi.

Pa kakitasi konzani miphika yadothi yobowoka pansi, mchenga wokhakhala wa kumtsinje, njerwa zowotcha zoti muphwanye, dothi lakuda pang'ono ndi nyuzipepala zakale zogwirira chomera chaminga.

Pa zomera zodya tizilombo konzani miphika yapulasitiki yakuya masentimita 10 mpaka 15, mbale yapulasitiki yoikamo miphikayo, peat moss (zomera zowolerana za m'madambo zogulitsidwa m'matumba) yopanda feteleza, perlite (timiyala toyera topepuka) kapena mchenga woyera wotsukidwa bwino, ndi viniga pang'ono woyesera mchengawo. Kachipangizo koyesera kuchuluka kwa michere m'madzi, kotchedwa TDS meter, kamathandiza kwambiri ngati mungakapeze.

Pa bonsai konzani chitini kapena ndowa yakale yokulitsiramo mtengo, mbale yosaya yokhala ndi mabowo akuluakulu, kachidutswa ka neti kotchingira mabowowo, waya wa aluminiyamu wa mamilimita 1 mpaka 3, pulayala, makala ndi kompositi wowolerana bwino.

## Malo, madzi ndi mchenga

1. Yesani kuwala musanagule chomera chilichonse. Tsiku lina limene muli panyumba, yang'anani zenera lomwe mwasankha ola lililonse ndipo mulembe nthawi imene dzuwa likugunda pamalo pomwe mphika udzakhale. Maso athu amanama pankhani imeneyi, chifukwa chipinda chimene ife timaona kuti n'chowala mokwanira kuwerengeramo buku chimakhala mdima kwa kakitasi. Ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe dzuwa limadutsa pamwamba kwambiri, choncho nyumba yokhala ndi denga lotulukira kunja imatchinga dzuwa la masana pafupifupi chaka chonse. Zenera loyang'ana kum'mawa ndilo labwino koposa, popeza limapatsa dzuwa la m'mawa losatentha kwambiri. Loyang'ana kumpoto limathandiza mu Juni ndi Julayi dzuwa likapendekera kumeneko, ndipo kwa amene ali ku Johannesburg kapena ku Cape Town limeneli ndilo zenera lodalirika. Amene ali ku Britain atembenuze zimenezi n'kusankha loyang'ana kumwera.

*Chenjezo:* mphika uzikhala pafupi ndi galasi, osati patebulo la pakati pa balaza. Kutalikira ndi mita imodzi yokha kumachepetsa kuwala kwambiri, ndipo katani wa lesi amachepetsanso kuwala kotsalako.

2. Kololani madzi amvula ndipo musunge okwanira chilimwe chonse. Kakitasi ndi bonsai amapirira madzi apampopi, koma zomera zodya tizilombo zimafa nawo pang'onopang'ono, chifukwa mizu yake inazolowera madambo osauka michere ndipo imapsa ndi michere ya m'madzi. Madzi a pamjigo ndi a pachitsime ndiwo oopsa kwambiri, monganso madzi a m'mizinda yonga London omwe amasiya zoyerayera m'ketulo. Ngati muli ndi TDS meter, madzi oyenera ndi amene akuonetsa nambala yochepera 50.

Musatunge mvula ya chizimalupsa kapena mvula yoyamba ya dzinja, chifukwa imatsuka fumbi, utsi ndi zitosi za mbalame za padenga. Dikirani kuti igwe kawiri kapena katatu, ndipo mukatero tcherani ndowa pansi pa malata. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi, kotero kudzaza zigubu sikutenga nthawi. Chovuta ndi kukumbukira kuti kuyambira Meyi mpaka Novembala mvula yodalirika kulibe. Pa miphika ing'onoing'ono isanu, sungani zigubu zinayi za malita 20 mvula isanathe mu Epulo. Madzi akakutherani, gulani madzi opanda michere omwe amathira m'mabatire a galimoto, koma muwerenge botolo bwino kuti musatenge asidi wa batire.

*Chenjezo:* kuwiritsa madzi apampopi kumapha majeremusi koma sikuchotsa michere, ndipo madzi ena akauluka ngati nthunzi michere imachulukirako. Chinanso n'chakuti mgolo wosavindikira umaswetsa udzudzu, choncho uzikhala wotseka nthawi zonse.

3. Konzani mchenga ndi njerwa. Phwanyani njerwa zowotcha bwino ndi hamala, zidutsitseni m'sefa ya mamilimita 6, kenako musefenso ndi ya mamilimita 2 n'kutaya fumbi lonse. Zotsala pakati pa sefa ziwirizo, zomwe kukula kwake kuli pakati pa mapira ndi nandolo, ndizo mukufuna. Chitani chimodzimodzi ndi mchenga wa kumtsinje, ndipo muutsuke mpaka madzi otsukira atayera. Mchenga umene mukufuna kugwiritsa ntchito pa zomera zodya tizilombo uyesedwe kaye: ikani supuni imodzi ya mchenga wouma m'kapu, thiranimo viniga, ndipo ukachita thovu dziwani kuti uli ndi laimu kapena zigoba za nkhono, zomwe zimapha zomerazi. Mchenga wa kunyanja nthawi zambiri umalephera mayeso amenewa.

*Chenjezo:* mchenga wosalala wopakira pulasitala ukasakanikirana ndi dothi umagwirana ngati simenti n'kutsekereza madzi, motero umachita zosiyana ndi zimene munafuna.

## Kakitasi

Yambani ndi kakitasi, chifukwa zonse zofunika mukhoza kuzipeza pafupi ndipo amakupatsani nthawi yokonza cholakwa.

4. Sankhani chomera cholimba. Mitundu ya Mammillaria, Echinopsis ndi Gymnocalycium ndiyo yoyenera woyamba kumene, ndipo Gymnocalycium amapirira kuwala kochepa kuposa inayo. Dinani tsinde pafupi ndi dothi ndi kamtengo. Ngati ndi lofewa kapena lakuda, chomeracho chayamba kale kuwola. Yang'ananinso pakati pa minga ngati pali zoyera zonga thonje, chifukwa chimenecho ndi chizindikiro cha kodikodi. Kakitasi wa mutu wofiira kapena wachikasu womezanitsidwa pa tsinde lobiriwira amakopa maso, koma mutuwo sutha kudzipangira chakudya ndipo sakhalitsa zaka zambiri, choncho musayambe naye.

*Chenjezo:* sichomera chilichonse chaminga chimene chili kakitasi. Kakitasi weniweni pafupifupi yense kwawo ndi ku America, pamene zomera zambiri za kuno zofanana naye ndi za banja la nkhadze. Zimenezi zimatuluka utomoni woyera ngati mkaka, womwe umawononga maso ndi kutentha khungu, kotero m'nyumba ya ana aang'ono si bwino kuzisunga.

5. Sakanizani dothi ndi kubzala. Tengani muyezo umodzi wa dothi lakuda losefa, umodzi wa mchenga wokhakhala ndi umodzi wa njerwa zophwanya. Nyowetsani pang'ono, fumbatani m'dzanja, ndipo mukatambasula dzanja dothilo lizimwazika lokha. Likagwirana ngati mtanda wa nsima, onjezerani mchenga ndi njerwa. Mphika ukhale wokulirapo kuposa chomeracho ndi chala chimodzi kapena ziwiri mbali zonse, chifukwa mphika waukulu umasunga madzi amene mizu yochepa singathe kumwa. Pindani nyuzipepala kangapo ngati lamba, zungulizani nayo chomeracho n'kuchinyamula, sansani dothi lakale, dulani mizu yakufa, ndipo mubzale m'dothi louma pa msinkhu womwe chinali kale.

*Chenjezo:* musathirire tsiku lobzala. Mizu imene yathyoka imafunika sabata yathunthu kuti zilonda zake ziume, ndipo madzi akalowa pachilonda chachiwisi kuwola kumayambira pomwepo. Chimodzimodzinso mukadula mwana wa kakitasi kuti mubzale, muikeni pamthunzi sabata imodzi kapena ziwiri mpaka podulapo pataumiratu.

6. Thirirani kwambiri, koma patalipatali. Lowetsani kamtengo kansungwi mpaka pansi pa mphika, kasiyeni mphindi zingapo, ndipo kakatuluka kouma ndi koyera thirirani mpaka madzi atatulukira pansi, kenako tayani madzi a m'kambale. Kakatuluka konyowa, dikirani masiku ena atatu. M'nyengo yotentha zimenezi zimachitika pafupifupi pa masiku 10 mpaka 14 aliwonse, koma kamtengoko ndiko kakuuzeni, osati kalendala. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kakitasi amapuma, ndipo kumuthirira kamodzi pamwezi kapena kusamuthirira n'komwe n'kokwanira, makamaka kumadera komwe kumachita chiperoni. Kupuma kouma ndi kozizira kumeneku n'kumene kumachititsa kuti achite maluwa kukayamba kutentha.

## Zomera zodya tizilombo

Zomerazi zimadzipangira chakudya ndi dzuwa monga chomera china chilichonse, ndipo tizilombo timene zimagwira timangolowa m'malo mwa feteleza amene m'dothi la kwawo mulibe. Mukamvetsa zimenezi, malamulo onse otsatirawa amveka okha.

7. Sankhani mtundu wogwirizana ndi dera lanu. Aliyense amafuna Venus flytrap, chomera cha msampha wotseka ngati kamwa, koma langizo langa ndi lakuti muyambe ndi Drosera capensis wa ku Cape ku South Africa. Masamba ake ndi aataliatali, okhala ndi tiubweya tofiira tomwe kunsonga kwake kuli madontho omata ngati ulimbo, ndipo kachilombo kakamatirira tsambalo limadzipinda n'kukakulunga. Safuna nyengo yozizira, amaphukanso kuchokera ku mizu ngakhale atauma pamwamba, ndipo amabereka njere zambiri. Njerezo zimafesedwa pamwamba pa dothi lonyowa osakwirira, ndipo zimamera pakatha masabata awiri kapena anayi. Kumadera otentha ngati kunyanja ndi kuchigwa cha Shire, mtundu wa Nepenthes, womwe umapachika timitsuko kunsonga za masamba, umakula bwino pa zenera lowala lopanda dzuwa la masana.

*Chenjezo:* m'madambo a ku Nyika ndi pa phiri la Mulanje mumamera mwachilengedwe Drosera ndi Utricularia, mtundu winanso wa zomera zodya tizilombo. Musazule zomera kapena ndere kumeneko, chifukwa ndi malo otetezedwa, komanso zomera zozolowera kuzizira kwa pamwamba pa phiri sizikhalitsa pabalaza. Ngati mukuitanitsa zomera kunja, funsani kaye ku ofesi ya zaulimi za chilolezo, popeza Venus flytrap, Nepenthes ndi pafupifupi kakitasi yense ali pa mndandanda wa pangano la CITES loyang'anira malonda a zachilengedwe pakati pa mayiko.

8. Sakanizani dothi losauka. Tengani muyezo umodzi wa peat moss ndi umodzi wa perlite kapena mchenga uja unapambana mayeso a viniga. Nyikani peat moss m'madzi amvula usiku wonse, chifukwa ikakhala youma imakana madzi, kenako finyani, sakanizani ndi kudzaza mphika osatsendera kwambiri. Peat moss imavuta kupeza m'madera ambiri, ndipo ikasowa mukhoza kugwiritsa ntchito makoko a kokonati opera, koma amakhala ndi mchere wambiri, motero anyikeni m'madzi amvula ndi kusintha madziwo tsiku lililonse kwa sabata yathunthu. Drosera capensis ndi Nepenthes amalola dothi lotere, koma Venus flytrap amavutika nalo.

*Chenjezo:* musaikemo manyowa, kompositi, phulusa kapena dothi lakudimba ngakhale pang'ono. Werengani thumba la peat moss, ndipo ngati palembedwa kuti anathiramo feteleza kapena laimu, lisiyeni. Pewaninso mphika wadothi, chifukwa umayamwa michere n'kuibwezera ku mizu.

9. Ikani mphika m'mbale ya madzi. Thirani madzi amvula m'mbale kufika sentimita imodzi kapena awiri, ndipo dothi lizidzikokera lokha madzi kuchokera pansi. Madziwo akatha, siyani mbale youma tsiku limodzi musanathirenso, malinga ngati dothi likadali lonyowa. Tsiku limodzi limeneli limapatsa mizu mpweya, komanso limapha mphutsi za udzudzu, zomwe zimafuna madzi osaphwa kwa sabata kapena kuposerapo kuti zikhwime. Nepenthes yekha ndiye sakhala m'mbale ya madzi: muthirireni pamwamba kuti dothi likhale lachinyezi, ndipo madzi otsala azituluka.

Kuti mudziwe ngati kuwala kukukwana, yang'anani chomeracho. Drosera wokhuta dzuwa amakhala ndi ubweya wofiira ndi madontho onyezimira, pamene wosowa dzuwa amakhala wobiriwira mbuu ndi wouma. Nepenthes wosowa kuwala amaphuka masamba koma osapanga timitsuko.

10. Dyetsani mosamala, kapena musadyetse konse. Chomera chimene chili pa zenera lotsegulidwa chimadzigwirira chokha ntchentche ndi titizilombo touluka. Mukafuna kudyetsa Venus flytrap, mupatseni kachilombo kamoyo kamodzi pa masabata awiri kapena atatu, kukula kwake kosapitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msamphawo. M'kati mwa msampha muli tiubweya timene tikakhudzidwa kawiri pasanathe masekondi pafupifupi 20 msamphawo umatseka, ndipo umafunika kuti kachilomboko kapitirize kuphupha kuti utsekeretu n'kuyamba kugaya. Kugayako kumatenga sabata imodzi kapena kuposerapo, ndipo msampha uliwonse umagaya kangapo kokha kenako n'kuda ndi kufa, zomwe n'zachibadwa malinga ngati masamba atsopano akuphuka pakati.

*Chenjezo:* nyama, usipa, nsima ndi mkaka zimawoletsa msampha. Letsaninso ana ndi alendo kutseketsa misampha ndi chala, chifukwa kutseka kulikonse kumadya mphamvu za chomera popanda chobwezera.

11. Lolani Venus flytrap agone. Kwawo kwa chomerachi ndi madambo a North Carolina ndi South Carolina ku America, komwe kumazizira, ndipo chaka chilichonse chimafuna miyezi pafupifupi itatu yozizira madigiri 10 kapena kutsikirapo. Kumadera okwera ngati Dedza, chitulutseni pakhonde kuyambira Juni mpaka Ogasiti, chepetsani madzi kuti dothi likhale lachinyezi chabe, ndipo musadabwe masamba ambiri akada. Kumadera otentha ena amachikulunga m'pepala lapulasitiki n'kuchisunga m'firiji mbali ya ndiwo zamasamba, koma njira imeneyi imafuna magetsi odalirika ndiponso kuyang'anira nkhungu sabata iliyonse. Chomera chosagona chimafooka chaka ndi chaka mpaka kufa.

## Bonsai

Bonsai si mtundu wa mtengo. Ndi mtengo wamba umene umakhala waung'ono chifukwa chodulira nthambi ndi mizu, choncho palibe chifukwa chogulira zimene amazitcha njere za bonsai.

12. Sankhani mtengo wopirira m'nyumba. Mitengo ya paini ndi ya juniper, yomwe imaoneka kwambiri pa zithunzi, imafa ikasungidwa m'chipinda. Ife tili ndi mwayi chifukwa kachere, mtengo womwe timaudziwa pabwalo la mfumu, ndi umodzi mwa mitengo yabwino kwambiri pantchito imeneyi. Masamba ake ndi aang'ono kale, amaphuka msanga akaduliridwa, amamera kuchokera ku nthambi yodula, ndipo amatulutsa mizu yolendewera imene imapatsa kamtengo kakang'ono maonekedwe a mtengo wakalekale. Mkuyu umathekanso, ngakhale masamba ake ndi okulirapo. Portulacaria afra wa ku South Africa, wa masamba ang'onoang'ono onenepa, amayenera munthu woiwalaiwala kuthirira. Mlambe umakongola kwambiri, koma umafuna dzuwa lochuluka, kotero malo ake ndi pakhonde.

13. Meretsani ndi kukulitsa thunthu. Mu Okotobala kapena Novembala dulani nthambi ya kachere yonenepa ngati chala chachikulu, yotalika masentimita 20 mpaka 25, makamaka yokhota pang'ono. Chotsani masamba onse kupatula awiri kapena atatu a kunsonga, izikeni mu mchenga wokhakhala wonyowa, ndipo muiike pamthunzi wowala. Mizu imatuluka pakatha mwezi umodzi kapena iwiri. Pa mlambe, palani khungu la njere ndi fayilo mbali imodzi, inyikeni m'madzi ofunda usiku wonse ndi kufesa kukatentha.

*Chenjezo:* apa ndi pamene ambiri amapupuluma. Mtengo ukalowa m'mbale yosaya thunthu lake limangotsala pang'ono kusiya kunenepa, ndipo mumatsala ndi kamtengo kowonda ngati ndodo kwa zaka zambiri. Ulekeni ukule momasuka m'ndowa yobowola pansi, panja, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, mpaka thunthu litafika kunenepa kumene mukufuna.

14. Wokerani m'mbale. Chitani zimenezi kukayamba kufunda, cha mu Seputembala kapena Okotobala. Dothi likhale miyezo iwiri ya njerwa zophwanya, umodzi wa mchenga wokhakhala, umodzi wa kompositi wosefa ndi makala ophwanya pang'ono. Tchingani mabowo a mbale ndi neti, pisani waya m'mabowomo, zulani mtengo, pesani mizu ndi kamtengo kansungwi kuchokera pathunthu kupita kunja, ndipo mudule mizu yoloza pansi n'kusiya yoyala m'mbali. Musachotse mizu yoposa gawo limodzi mwa magawo atatu nthawi imodzi. Mangani mtengo ku mbale ndi waya uja kuti usagwedezeke, dzazani dothi mukulilowetsa pakati pa mizu ndi kamtengo, thirirani mokwanira, ndipo muusunge pamthunzi masabata awiri popanda feteleza. Ntchito imeneyi imabwerezedwa pa zaka ziwiri zilizonse.

15. Dulirani ndi kupinda nthambi. Musanadule chilichonse, zungulizani mbaleyo mpaka mutapeza mbali imene thunthu ndi mizu zikuoneka bwino, ndipo imeneyo ikhale kutsogolo. Chotsani nthambi zopingasana, zoloza pansi, zoloza kwa woyang'ana, ndiponso imodzi mwa ziwiri zimene zatulukira pamalo amodzi moyang'anizana. Nthambi za m'munsi zikhale zonenepa ndi zazitali kuposa za m'mwamba, monga mmene mtengo wa kutchire umakhalira. Pambuyo pake lamulo ndi losavuta: mphukira ikafika masamba 6 kapena 8, iduleni n'kusiya awiri. Kudulira kobwerezabwereza kumeneku n'kumene kumachulukitsa tinthambi ndi kuchepetsa masamba.

Popinda nthambi, sankhani waya wonenepa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a nthambiyo, mukoleni kaye pathunthu, muzungulize mopendekera madigiri 45, ndipo mupinde pang'onopang'ono zala zanu zikuchirikiza kunja kwa popindapo.

*Chenjezo:* m'dzinja kachere amanenepa mofulumira kotero kuti waya akhoza kulowa m'khungwa pasanathe miyezi iwiri n'kusiya zipsera zosatha. Yang'anani sabata iliyonse, ndipo pochotsa dulani wayayo zidutswazidutswa ndi pulayala m'malo momumasula.

16. Thirirani ndi kudyetsa. Gwirani dothi ndi chala m'mawa uliwonse, ndipo pamwamba pakauma thirirani mpaka madzi atatulukira pansi. Mu Okotobala zimenezi zikhoza kukhala tsiku lililonse, pamene mu Juni zikhoza kukhala kawiri pa sabata. Popeza dothi la njerwa lilibe chakudya chokwanira, thirani feteleza wamadzi wosungunula theka la muyezo wolembedwa pabotolo, kamodzi pa masabata awiri, kuyambira Seputembala mpaka Epulo. Mlambe uli ndi lamulo lake: ukayoyola masamba cha mu Meyi siyani kuthirira kotheratu mpaka utaonetsa mphukira kukatentha, chifukwa madzi a nthawi yopuma amawoletsa muzu wake wonenepa.

## Zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri

Kuthirira chomera chimene chikufota chifukwa cha madzi ochuluka. Mizu yowola simwa madzi, choncho chomera chimafota ngati chili ndi ludzu, mwini wake n'kuwonjezera madzi. Kakitasi kapena bonsai akafota dothi lili lonyowa, zulani muone mizu. Kakitasi wowola pansi akhoza kupulumuka mukadula mutu wake ndi lumo lopukutidwa ndi sipiriti, pamwamba pa powolapo mpaka mutaona mnofu woyera wopanda banga, n'kuuumitsa masabata awiri musanaubzale m'dothi louma.

Kuyala miyala pansi pa mphika wosabowoka. Miyala sichotsa madzi, imangowabisa, ndipo mizu ikafika pamenepo imawola. Bowolani mphika.

Kutulutsa chomera padzuwa mwadzidzidzi. Kakitasi wosowa kuwala amatalika, nsonga yake n'kuwonda ndi kuyera, ndipo mwini wake akaona zimenezi amamuika padzuwa la masana tsiku lomwelo, khungu lake n'kupsa osadzachiranso. Onjezerani dzuwa ola limodzi pa masiku awiri kapena atatu aliwonse kwa masabata awiri. Kachere nayenso amayoyola masamba akasamutsidwa malo, ndipo chofunika ndi kumusiya pamalo atsopanowo ndi kuchepetsa madzi mpaka ataphukanso.

Kutsekera zomera m'botolo lagalasi. Kakitasi amawola ndi chinyezi cha m'botolo, ndipo Venus flytrap amapsa botololo likagundidwa ndi dzuwa.

Kusakaniza chomera chatsopano ndi zakale tsiku lomwelo. Chisungeni pachokha masabata atatu, chifukwa kodikodi, nsabwe za m'masamba ndi akangaude ofiira amabwera ndi zomera zogula. Kodikodi amafa mukamukhudza ndi thonje loviika mu sipiriti, ndipo mubwereze sabata iliyonse kwa mwezi wathunthu poti mazira amaswa pambuyo pake. Nyerere zikamakwera mphika, fufuzani bwino, popeza zimatsata madzi otsekemera amene tizilomboti timatulutsa. Pa zomera zodya tizilombo musagwiritse ntchito madzi a sopo amene timapopera ndiwo zamasamba, chifukwa sopo akalowa m'dothi amapha mizu. Drosera wogwidwa ndi nsabwe mumizeni yense m'ndowa ya madzi amvula kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo madontho ake adzabwerera pa masamba atsopano.

Kusiyira munthu wina zomera popanda malangizo olembedwa. Mukamachoka panyumba sabata imodzi kapena ziwiri, wotsala pakhomo adzathirira miphika yonse tsiku lililonse ndi madzi apampopi, chifukwa umo ndi mmene aliyense amasonyezera chisamaliro. Chotsani kakitasi pamalopo n'kumuuza kuti asamukhudze, dzazani mbale ya zomera zodya tizilombo ndi madzi amvula n'kuika chigubu chake cholembedwa pambali pake, ndipo musonyezeni ndi chala chake chomwe mmene dothi la bonsai limamvekera likafika pofuna madzi.